Makapisozi Atatu a Ba Mwamwa

Lolemba

6 koloko m'mawa ndendende. Kapisozi woyamba walowa. Madzi ozizira, m'mimba mopanda kanthu, osatafuna. Ndachonga pa kalendala ndi cholembera changa chofiira, chomwe chija ndimachongera odwala anga.

Ndilembe bwinobwino, mwina zidzukulu zidzaphunzirapo kanthu. Pakatha masabata atatu, Lachiwiri lake, ndikukwera ndege kupita ku India kuperekeza abambo a Luyando ku opaleshoni ya chiuno. Iwo akagona pa bedi, manja awo ndi miyendo yawo ndikhala ine. Luyando, mwana wathu wa ku Lusaka amene wakonza ulendo wonsewu, waika lamulo limodzi: woperekeza alandire katemera wa tayifodi, matenda aja a m'mimba ndi kutentha thupi obwera ndi madzi akuda. Akuti woperekeza akadwala kumeneko, odwala akhala awiri, wosamalira palibe. Ndiye wawonjezera, mwana wosaopa mayi ake: "Mami, ngati simuzasiliza katemela, bazayenda ni ba anti Esinati. Pasipoti bali nayo."

Ba Esinati ndi mlongo wa abambo, mlamu wanga, amakhala ku Simonga. Pasipoti ali nayodi. Anapita kamodzi ku Kasane, kutsidya kwa malire, kukagula mabulangete, ndipo mpaka lero nkhani zawo zonse zimayamba ndi "ife amene tinapitako kunja".

Ine kusamaliza mankhwala? Zaka khumi ndi zinayi ndikuyenda khomo ndi khomo m'Maramba muno, khadi kudzanja lino, cholembera kudzanja linalo, kuonetsetsa kuti odwala chifuwa chachikulu ameza mapiritsi awo ine ndikuona. Dzina langa lenileni ambiri analiiwala. Amanditcha ba Mwamwa, chifukwa ndilo funso limene ndimafunsa ndisanapereke ndi moni womwe.

Loweruka lapitali, ku kiliniki ya m'tauni, ba sista, nesi wa pamenepo, anatiuza kuti tisankhe: jakisoni imodzi pamkono, kapena makapisozi atatu omwera kunyumba. Abambo anangopinda dzanja la malaya, basi kwatha. Luso la mapiritsi alibe, akanasankhanso chiyani. Ine ndinatenga makapisozi, paketi yomaliza imene inatsala. Mapiritsi ndiyo ntchito yanga. Palibe chifukwa china.

Malamulo, monga ndinawamvera:

1. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu. Lero kumwa, mawa kupuma.
2. M'mimba mopanda kanthu, ndipo ukamwa, ola lathunthu osadya. Ngati wadya kale, dikira maola awiri.
3. Madzi ozizira. Tiyi ayi.
4. Kumeza wathunthu.
5. Osamwa mankhwala opha tizilombo, poti m'kapisozimo muli tizilombo tamoyo tofooketsedwa, ndipo ndi timeneto timaphunzitsa thupi kudziteteza.
6. Azikhala pozizira.

Pa nambala 6 panali kanthu kenanso, koma nthawi imeneyo n'kuti ndikuwafotokozera ba sista za zaka zanga khumi ndi zinayi. Ndi mtsikana wa dzulodzuloli, ayenera kudziwa amene akulankhula naye. Anandipatsanso kapepala ka zilembo zazing'ono ngati nyerere. Ndakasiya pa tebulo. Mphunzitsi sakhalira kuwerenga buku la giredi wanu.

Masana ndauza amayi a ku tchalitchi kuti Lamulungu ndidzaimirira kutsogolo ndi paketi yopanda kanthu, ndilankhule za kumaliza mankhwala. Abusa avomera, andipatsa mphindi khumi. Ndidzaona ngati zingakwane.

Abambo anagwira ntchito ku njanji zaka makumi atatu, ndipo amawerenga chilichonse, ngakhale bokosi la machesi. Ndawapeza ali ndi kapepala kaja, magalasi pamphuno. Akuti, "Bamake Luyando, apa balemba ati..." Ndawadula. Za sitima ndi zawo, za mankhwala ndi zanga.

Lachiwiri

Tsiku lopuma. Wapuma ndi kapisozi yekha.

Magetsi apita 5 koloko m'mawa. Tauni yokhala m'mphepete mwa mathithi, madzi ake alendo amachokera kutali kudzawajambula, koma ife magetsi timawaona mwa apo ndi apo. Dzuwa la Okutobala, malata akuthetheka.

Ndalengeza kuti firiji isatsegulidwe mpaka magetsi abwere. Zimene zatsekeredwa m'katimo limodzi ndi makapisozi anga awiri:

- botolo la madzi a abambo
- majarini
- kapenta wotsala dzulo
- theka la kabichi, limene palibe akulilira

10 koloko. Abambo amwa madzi a pampopi, ofunda ngati osamba. Sanadandaule, angoyang'ana firiji nthawi yaitali.

12 koloko. Pansi pa firiji patuluka kadziwe. Oyandikana nawo ena akuti magetsi abwera madzulo, ena akuti mawa. Kumeneko ndiye kuti palibe akudziwa.

Ndakhala pansi kuganiza kuti ndani m'Maramba muno ali ndi kuzizira kosadalira anthu a magetsi. Yankho silinandisangalatse: ba Mubita, ogulitsa nsomba pamsika, ali ndi sola padenga la shopu yawo. Anali wodwala wanga, wovuta kuposa onse. Miyezi isanu ndi umodzi ndinkaima pakhomo pawo 6 koloko m'mawa uliwonse. Anabisalapo m'chimbudzi. Anabisalapo kunsi kwa bedi. Tsiku lina anatumiza uthenga woti amwalira. Ndinapita ku maliroko ndi mapiritsi ndi kapu ya madzi, ndipo malemuwo anamwa. Lero ndi bambo wonenepa, wa ana anayi.

Ndanyamula paketi m'fulasiki ya tiyi, ndi tizidutswa ta ayezi totsala. Atangondiona ndikulowa, ba Mubita aimirira njo. "Ba Mwamwa, ine ninasiliza kudala, na pepala nili nayo." Ndawauza kuti lero womwa mankhwala ndine. Aseka mpaka kutsokomola. Ndamvetsera chifuwacho bwinobwino, n'cha kuseka chabe.

M'shopumo muli zozizitsira ziwiri: kafiriji ka zakumwa ndi chifiriza chachikulu cha nsomba. Iwo akuti, "Niike mu ka filiji ka madilinki?" Ndakana. Kameneko kamatsegulidwa mphindi iliyonse, ndi manja a anthu osadziwika. Ndalamula kuti aike m'chifiriza, pansi penipeni, pamene pamazizira kuposa paliponse. Ngati kuzizira kuli kofunika, ndiye kuti kuzizira kwambiri n'kofunika kwambiri. Izi sizifuna sukulu.

Ndabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Munthu wamba akanangokhala n'kumalira ndi firiji yake.

Abambo: "Mwaika kuti?" Ine: pabwino. Abambo: "Chifukwa apa balemba..." Ndikanatsegula wailesi, koma magetsi kulibe, ndiye ndangoyamba nyimbo ya kwaya.

Lachitatu

Dongosolo: kunyamuka hafu pasiti 5, kufika pamsika 6 koloko, kumeza, kubwerera.

5 koloko itangodutsa, odi pakhomo. Ba Esinati. Sutikesi kumanja, chigubu cha chibwantu kumanzere. "Nabwela chabe kuona ba bulaza, mulamu." Munthu wongodzaona mlongo wake sabwera ndi sutikesi yofika m'chiuno.

Chibwantu ndi chakumwa chathu cha chimanga chosinja ndi mizu ya munkoyo, munthu amamwa uku akutafuna. Ndi chakudya chenicheni. Koma mlamu akaphika ndi manja ake, n'kuchinyamula pa minibasi yoyamba, n'kukuthirira m'kapu, n'kukupatsa ndi manja awiri, sukana. Ukakana, nkhani imakafika ku Simonga kapu isanabwerere pa tebulo: mkazi wa m'tauni uja akuti timathira mankhwala m'zakumwa. Ndamwa. Makapu awiri, ndinene zoona. Mayi ameneyu ali ndi zolakwa zambiri, koma chibwantu amachidziwa.

Palibe chaonongeka. Lamulo lachiwiri likuti ngati wadya, dikira maola awiri. Nthawi yatsopano: 8 koloko.

Mphindi khumi isanakwane 8, ndili pachipata cha msika. Mayi wina wa zitumbuwa, amene mwana wake ndinamuyendera chaka chatha, wandiika ziwiri zotentha m'dzanja n'kulitseka ndi lake. "Munapulumusa mwana wanga, simungakane." Waima pomwepo kudikira kuti aone ndikuluma. Nthawi yatsopano: 10 koloko.

Isanakwane 10, bambo wa chinangwa chootcha, wodwala wanga wa zaka zisanu zapitazo. Nthawi yatsopano: 12 koloko.

12 koloko ndabisala kuseri kwa mashopu, pamene amataya makatoni. Wandipeza mayi wa kalesitilanti, atanyamula mbale ya mpunga ndi nyemba, yovundikira ndi mbale inzake. Akuti anthu amuuza kuti ba Mwamwa akhala pamsika kuyambira m'mawa osadya. Sindikudziwa kuti anthuwo maso awo anali kuti.

Vuto la kupulumutsa anthu ambiri ndi limeneli: onse amafuna kukudyetsa, ndipo sauzana.

Mbale itangotha ndalowa m'shopu ya ba Mubita, ndawauza kuti akhome chitseko ndipo azigulitsira pa zenera. Maola awiri ndakhala pa kileti pakati pa nsomba.

Hafu pasiti 2. Kapisozi wachiwiri. Wolimba ngati mwala, wozizira mpaka mano kuwawa, akununkha nsomba. Kusunga mankhwala ndi kumeneko. Nditameza, ba Mubita aima patsogolo panga, manja kumbuyo. "Segulani kamwa nione. Nyamulani lilimi." Ndi mawu anga amenewo, ndi kaimidwe kanga komwe. Ndatsegula. Lamulo ndi lamulo.

Pa kalendala ndachonga kachiwiri. Pamene ndinalemba kuti "6 koloko" ndafufutapo pang'ono. Ba sista ananena za tsiku, za ola sananenepo.

Lachinayi

M'mimba mukulira. Mwina ndi katemera akugwira ntchito. Mwina ndi chibwantu, zitumbuwa, chinangwa, mpunga ndi nyemba zikudziwana.

Ba Esinati sanapite. Zimene achita lero:

- asita malaya onse a abambo, ndi amene ndinasita kale omwe
- afunsa ngati mu ndege amapereka mabulangete kapena munthu amanyamula lake
- aiwala pasipoti yawo pa tebulo la pabalaza, pamwamba pa Baibulo, kawiri
- ayang'ana kalendala yanga, n'kunena kuti "yasala imozi", ngati mmene anthu amanenera za mvula

Atamva m'mimba mwanga, apisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa kapulasitiki komanga mfundo. M'katimo makapisozi ofiira ndi achikasu, otsala pa dzino lawo la chaka chatha. "Imwani tubili chabe, mulamu, vizasila." Mankhwala opha tizilombo, kwa munthu amene akuweta tizilombo m'mimba mwadala. Kaya ndi chifundo, kaya ndi nzeru, Mulungu ndiye akudziwa.

Ndaimirira. Ndalankhula za kusamaliza mankhwala, za kusunga otsala, za kugawana mapiritsi ngati mtedza. Mphindi makumi anayi, osayang'ana pa pepala. Kapulasitikiko ndalanda, kapita ku kiliniki. Lero ndagwira ntchito yabwino, ndipo ndikudziyamikira ndekha poti wina sachita.

Luyando waimba foni. "Mami, mwabelenga ka pepala?" Ndamuuza kuti ndinayamba kuwerenga mapepala a mankhwala iye akadali m'matewera. Si bodza limenelo. Abambo ali pampando wawo anakweza chala, dzanja lina likupita m'thumba la malaya. Ndinatuluka ndi foni panja, m'nyumba netiweki imavuta.

Chakumadzulo abambo amafuna kudzuka pampando. Ba Esinati anathamangira kuwakoka mkono, mbali yolakwika, mbali ya chiuno chowawacho. Abambo sanalire, koma nkhope yawo ndinaiona. Ndinabwera, ndinaika phewa langa pamene limakhala, tinawerenga mpaka katatu monga timachitira, anadzuka. Zaka makumi atatu ndi zitatu tili limodzi, ndipo thupi limeneli ndimadziwa pogwira. Ndikaganiza kuti angakadzuke m'chipatala cha dziko la eni, pakati pa chilankhulo chachilendo, n'kukokedwa mbali yolakwika, ndimachita mantha. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

Mitu ya zolankhula zanga za Lamulungu:

1. Mankhwala si ndiwo, sasiyira mawa.
2. Mverani anesi mpaka amalize kulankhula.
3. Chitsanzo: ine.

Lachisanu

Ndatulukira khomo la kuseri hafu pasiti 5, chibwantu chisanadzuke.

6 koloko ndili pa shopu. Loko. Mayi wa tomato wa pafupi akuti, "Bayenda ku Mambova kutenga nsomba, bazabwela na ma teni." Makiyi apita nawo.

Ndakhala pa benchi patsogolo pa shopu, chikwama pamiyendo, cholembera chofiira m'dzanja. Lero sindidya kanthu ngakhale abwere abusa ndi mbale.

Sindinaganize kuti anthu aziona bwanji. Ba Mwamwa atakhala phee pakati pa msika kuyambira m'bandakucha, cholembera chili m'dzanja, osalankhula ndi munthu. Aliyense waganiza kuti ndabwerera iyeyo. Pofika 11 koloko:

- abambo awiri abwera okha kudzaulula kuti anasiya mapiritsi mwezi watha
- mayi wina wapita kunyumba n'kubwera ndi mwamuna wake atamugwira pamkono
- kondakitala wa minibasi ya ku Dambwa wameza ake pamaso panga, ine osamufunsa, osamudziwa n'komwe

Onse ndawalemba, Lolemba akaonekere ku kiliniki. Ngakhale nditakhala chete, ntchito imayenda.

Zakudya zimene ndakana: zitumbuwa, mazira owiritsa, chimanga chootcha, mango, tiyi wa mkaka. Kuti asakhumudwe ndangonena kuti ndikusala. Mawu amenewa ayenda msika wonse n'kubwera atasintha: ba Mwamwa akusala kudya chifukwa cha anthu osamwa mankhwala. 1 koloko amayi atatu a mpingo wina akhala nane pa benchi, nawonso akusala, ndipo ayambitsa nyimbo. Sindinawakonze. Cholinga chake n'chabwino.

10 koloko ya ba Mubita yakwana 3 koloko masana. Lole inafera panjira. Atsika fumbi lili m'tsitsi, andiona, agwira pakamwa. "Ba Mwamwa, kuchokela sikisi awazi? Ine nenze kubisala chabe mu toileti, imwe mwapitilila."

Paketi taipeza itamatirana ndi nsomba ziwiri m'chibuma cha ayezi. Tachita kuswa ndi mpeni. Kapisozi wachitatu walowa mphindi makumi awiri itadutsa 3. Ndadikiranso ola, kenako ndadya zonse zimene ndinakana zija, motsatana mmene zinabwerera.

Ndatha! Zochonga zitatu zofiira pa kalendala. Paketi yopanda kanthu ndaitsuka fungo la nsomba, ili mu Baibulo kudikira Lamulungu. Ba Esinati ayang'ana kalendala nthawi yaitali, kenako anena kuti mwina mawa abwerera ku Simonga, nkhuku zatsala zokha. Ndawauza kuti nkhuku n'zofunikadi.

Loweruka

Tiyi wa m'mawa, ndi mabanzi, poti tsopano ndine mfulu. Ndikuwasimbira abambo ndi ba Esinati za dzulo. Ndafika pokoma penipeni, pamene tinaswa ayezi ndi mpeni kuti titulutse paketi.

Abambo aika kapu pansi. "Ayisi?"

Atulutsa kapepala kaja m'thumba la malaya. Kafewa, kakhala m'menemo masiku asanu. Avala magalasi, aika chala pa mzere umene anaulemba kunsi ndi pensulo. "Apa balemba ati sungani mu filiji, koma isaume na ayisi. Ngati yauma, musamwe." Avula magalasi. "Ninayesa katatu, bamake Luyando."

Ndawerenga m'mutu: Lolemba, Lachiwiri, Lachinayi. Katatudi. Anthu a ku njanji salakwitsa nambala.

Ndaimbira ba sista. Sanaseke, ndipo kusasekako ndiko kwandiwawa. Akuti tizilombo tija tikaundana, sangalonjeze kuti tikadali ndi mphamvu. Ndiye pa makapisozi atatu, wowerengedwa ndi wa Lolemba yekha, ndipo mmodzi sateteza munthu. Paketi ina ifika mwezi wamawa, ife titapita kale. Chatsala ndi jakisoni, ndipo imafuna masabata awiri ulendo usanafike. Tsiku lomaliza ndi Lolemba likubwerali. "Mubwele na ma eiti, mami. Ni ka second chabe."

Ba Esinati akuti aganizanso, nkhuku aziwaonera oyandikana nawo. Panopa akupukuta sutikesi ndi kansalu, akuimba chamumtima.

Ndinadziika ndekha m'mavutowa. Ba Mubita anafuna kuika m'kafiriji ka zakumwa, pamalo oyenera, ine n'kuwakaniza. Ndinasala tsiku lathunthu padzuwa, ndi kwaya yomwe, kuti ndimeze tizilombo takufa.

Ndaganizapo zongomuuza Luyando kuti ndamaliza, poti kumeza ndinamezadi, ndipo kalendala ikuchitira umboni. Kenako ndakumbukira anthu aja ankabisa mapiritsi kunsi kwa lilime, ndi maina amene ndinkawatcha. Komanso tayifodi sadzafunsa kalendala.

Tsopano ndilembe chimene sindinalembe Lolemba. Pamene ndinati "palibe chifukwa china", linali bodza. Ndimaopa singano. Ndili giredi thuu, pa mzere wa katemera kusukulu, ndinaiona ikutuluka m'mbale, ndipo ndinadzidzimukira pansi pa mtengo atandithira madzi, kalasi yonse itandizungulira. Kuyambira pamenepo, ndikangoiona ndimafuna pothawira. Pa mimba zanga zitatu anesi ankachita kundigwira awiri, ndipo ndinawalumbiritsa kuti asanene. Zaka khumi ndi zinayi ndikulowa ndi kutuluka m'kiliniki, nesi akangong'amba kapepala ka singano, ine ndimakumbukira kuti panja pali munthu wofunika kumuona. Amadziwa ndi abambo okha. Loweruka lija, pamene ndinkasankha makapisozi ndi mawu akuluakulu, iwo ankangokonza batani la malaya awo.

Masana ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, ndodo ili pambali. Ndinakhala pafupi nawo. Patapita nthawi anati, "Esinati ni mulongo wanga, nimukonda. Koma azanikambisa mpaka na chiuno chinangu chityoke." Ndinatsala pang'ono kuseka. Kenako anati, "Ine nikauka ku opaleshoni, nifuna nione nkhope yanu. Olo ili yokalipa."

Ndinapita kukatsuka mbale. Zinali zotsuka kale.

Lamulungu

Abusa anandipatsa mphindi khumi. Ndagwiritsa ntchito ziwiri.

Ndinaimirira, ndinakweza paketi yopanda kanthu, anthu anayamba kuomba m'manja. Ndinawaletsa. Ndinati onse atatu ndinamwa, aliyense pa tsiku lake, koma awiri ndinali nditawapha kale ndekha m'firiza ya nsomba, chifukwa nesi ndinamudula pakamwa ndipo kapepala sindinawerenge. Ndinati mukapatsidwa kapepala werengani, ngati zilembo zachepa funani wa magalasi, ndipo mwamuna wanu akanena kuti "apa balemba", musayambe nyimbo. Ndinakhala pansi.

Anaseka. Tchalitchi chonse, ndi abusa omwe ataphimba nkhope ndi buku la nyimbo. Ameni wamkulu kuposa onse anachokera kwa ba Esinati.

Titatuluka, amayi atatu anandikokera pambali, aliyense payekha, kudzafunsa motsitsa mawu za mankhwala awo. Wina amasunga ake pa zenera padzuwa. Wina sanamvetse zimene anamuuza ku kiliniki, ndipo ankachita manyazi kubwerera. Zaka zonsezi ndikukalipa, sanabwerepo atatu okha tsiku limodzi popanda kuwaopseza ndi cholembera. Sindikudziwa ngati ndikondwere kapena ndikwiye.

Luyando ndamuuza zonse. Pa foni anangoti, "Mami, jakisoni? Imwe?" Ndiye kuti nayenso amadziwa. M'nyumba muno mulibe chinsinsi, muli anthu aulemu chabe.

Chakumadzulo kwabwera ba Mubita, nsomba ziwiri m'pulasitiki. Atulutsa m'chikwama khadi lakale, lachikasu, lothothoka m'makona. Ndi khadi lawo la chifuwa lija, lodzaza ndi zochonga zanga zofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sindinkadziwa kuti analisunga. Aliika pa tebulo, aima manja kumbuyo.

"Mailo nizabwela na ma sikisi, tiyende pamozi ku kiliniki. Mukabisala mu toileti, nizayembekeza. Mukamwalila, nizabwela ku malilo na ba sista."

Ndafunsa kuti za singano wawauza ndani. Abambo anali otanganidwa kwambiri ndi bokosi la machesi.

Dongosolo la mawa, si ine ndalikonza:

- ba Mubita kumanzere
- abambo kumanja, ndi ndodo yawo, akuti andigwira dzanja
- ine pakati, maso ku khoma

Sutikesi ya ba Esinati ikadali kuseri kwa chitseko. Akuti anyamuka mawa masana, "nione chabe mwamene vizayendela". Aone. Ndikakomoka, andithire madzi, ndidzuka. Ku India ndikupita ndine.

Magetsi apitanso, ndasitira nsimbi ya makala. Pa kalendala ndajambula kabokosi katsopano pa Lolemba, ndipo cholembera chofiira ndawapatsa abambo. Bulauzi ya manja aafupi ili pampando.